Waya Wofiira pa Njinga ya Bambo

Njinga yamoto ija inafika pagalaja cha m'ma thuu koloko masana, ndipo Namawaya anaidziwa asanadzutse n'komwe mutu. Kulira kwa injini imeneyo anakula nako. Bambo ake anaimanga okha kuchokera ku mitembo ya njinga zitatu: felemu ya ina, injini ya ina, thanki ya inanso, zonse n'kuziwotcherera pamodzi kuseri kwa nyumba. Anthu ankaitcha Zigamba, ndipo eni ake sankadandaula. Ankati chigamba chosokedwa bwino, malaya amatha icho chilipo.

Nalo dzina la Namawaya linachokera kwa anthu omwewo, poti kuyambira ali kamtsikana m'thumba mwake simunkasowa kachidutswa ka waya. Tsopano anali mayi wa ana awiri, mwini galaja yokonza magetsi a galimoto: chipinda chimodzi cha chitseko cha malata, chopanikizika pakati pa wamatayala ndi telala. Ntchitoyo anamuphunzitsa ndi bambo ake omwewo, ndipo sanamuphunzitse monyengerera.

"Zigamba wadwala," anatero mdalayo akuvula chisoti.

"Fikani kaye, Bambo. Mwaswera bwanji?"

"Kuswera kwake n'komweku. Magetsi akuvuta. Undikonzere isanakwane faifi, mayi ako akutsika basi ya hafu sikisi."

Amayi anali atatha milungu iwiri kwa mkulu wawo, kukadwazika. Kwa zaka makumi atatu, ulendo uliwonse akamabwera, bambo ankakawachingamira kudepoti pa njinga, kaya kuli mvula kaya fumbi. Ana anayesapo kunena za takisi, koma anangodzitopetsa pakamwa.

Namawaya anaizungulira njingayo akupukuta manja. Mwezi wathawo inali ndi nyali zitatu, ndipo ngakhale pamenepo iye anaseka kuti yayamba kufanana ndi sitolo ya magetsi. Lero zinali zisanu: yaikulu yapakati ija, ziwiri zozungulira m'mbali mwake, ndi zina ziwiri zatsopano zogula pamsika, zomangidwa pachitsulo chotchinga mawondo. Pachiwongolero panandandalika maswichi atatu owonjezera.

"Bambo, mukufuna kuunikira dziko lonse kodi?"

"Misewu ya masiku ano ndi yamdima. Usandiseke, taona izi."

Anatembenuza kiyi, n'kudina swichi yomalizira. Nyali zonse zinafooka nthawi imodzi, n'kufiira ngati makala akuzima. Amati tsoka silinunkha, koma limeneli linanunkha. Fungo la pulasitiki wopsa linamugwira Namawaya pakhosi, kenako anaona kautsi kakutuluka pansi pa thanki, pomwe pamadutsa paipi ya petulo.

"Zimitsani! Bambo, zimitsani!"

Chala cha mdalayo chinapapasa pachiwongolero n'kukadina hutala. Chinapapasanso, chinadina swichi ina. Anazimitsa kiyi, koma utsi sunaleke, poti mawaya a nyali zatsopanozo anawatengera ku batire. Namawaya sanadikirenso. Anatsomphola chivundikiro cha pambali, anatola pulayasi pansi, n'kudula waya wa batire kamodzi n'kamodzi. Utsi unafuka pang'ono, kenako unatha.

Wamatayala, munthu amene nkhani ya mumsewumo sinkamudutsa, anatulukira pakhomo atanyamula beseni lake loyesera machubu. "Kwapsa? Ndithire?"

"Thirani pamutu panu, achimwene. Kwazima kale."

"Ine ndimati a mdala abweretsa nyama yootcha," anatero akubwerera, madzi akutayikira pamapazi.

Palibe anaseka. Namawaya anagogoda thanki ndi chala. Inali yodzaza mpaka pakamwa, bambo anali atathira petulo wa ulendo wa kudepoti.

Namawaya anachotsa mpando, anatseka petulo, n'kunyamula thanki kukaiika panja. Mawaya anaonekera poyera. Mmodzi anali atasungunuka chikopa kutalika kwa mkono, mkuwa uli pamtunda. Anamutsatira mpaka pa kabokosi ka fuzi, n'kutsegula. Fuzi inalimo, yakupsa kale, koma inali itakulungidwa ndi tiulusi ta mkuwa kuti moto uzingodutsa basi.

Anaikweza m'mwamba. "Ichi n'chiyani, Bambo?"

"Mafuzi a masiku ano ndi abodza. Atatu apsa kuyambira dzulo. Ndangomanga m'mawa uno kuti ndifike kuno."

"Munandiuza chiyani za fuzi?"

Mdalayo anayang'ana kumbali, akukanda ndevu.

"Munkati fuzi ndi mlonda. Mlonda akakuwa summanga pakamwa, umafunafuna wakuba. Tsiku lija ndinamanga fuzi ndi pepala la ndudu pa lole ya anthu, munandithamangitsa pantchito sabata yathunthu."

"Ndiye funa wakubayo, m'malo mondiwerengera mbiri."

Anakakhala pampando wa galimoto wakale umene makasitomala ankadikirirapo, chisoti chili pamiyendo. Namawaya anagwada pambali pa njinga, ukali ukumutentha m'makutu. Anayamba kuyenda ndi waya wopsayo kumapita kutsogolo, akumasula tepi pang'onopang'ono. Ntchito ya bambo inali yaukhondo monga mwa masiku onse. Polumikiza paliponse anapota bwino, anamata ndi mtovu, tepi n'kuizunguliza mothina. Manja amenewo sanaiwale kanthu.

Wakubayo anampeza pansi pa khosi la njinga. Pamenepo panali bawuti yomangirapo mawaya akuda, aja obweza moto ku chitsulo cha felemu, pamene amisiri amapatcha pa ethi. Anali anayi pabawutipo. Atatu anali akuda. Wachinayi, yemwe anachokera pa swichi yomalizira ija, anali wofiira.

Waya wofiira ndi wa moto. Kummangira pachitsulo n'chimodzimodzi kuuza batire kuti lidziwotche lokha. Wophunzira wa sabata imodzi sangachite zimenezo, kuli bwanji munthu amene anamanga njinga yonseyi ndi manja ake. Namawaya anasuzumira pa nyali yakumanzere. Waya wakuda amene ankayenera kupita pabawuti anali atamatidwa bwinobwino pomwe pankayenera kukhala wofiirayo. Bambo anawasinthanitsa. Sikunali kufulumira kapena kuledzera, poti bambo mowa sankaudziwa. Anagwira mawaya awiri, n'kulephera kuona kuti wofiira ndi uti.

Ukali uja unazima, m'malo mwake munalowa mantha. Zinthu zimene ankaziona n'kumangozisiya zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Tsiku lija bambo anathira tiyi pambali pa kapu n'kunamizira tebulo kuti ndi lopendekeka. Tsiku lija anamudutsa pamsewu osamulonjera, n'kudzati dzuwa linawathobwa m'maso. Nyuzipepala imene anasiya kugula ati chifukwa imangolemba mabodza. Ndiye nyali: yachiwiri, yachitatu, lero zisanu. Misewu sinade ayi.

Anatembenuka kuwayang'ana. Kuwala kwa pakhomo kunawagwera kumaso, ndipo pakati pa diso lililonse panali kamtambo kotuwa. Anadziimba mlandu kuti iye, amene amapeza waya woduka mkati mwa lole yonse, analephera kuona chinthu chimene chinkamuyang'ana tsiku ndi tsiku.

"Wampeza?" anafunsa bambo.

"Ndampeza."

"Ndi swichi ija eti? Ndimadziwa. Zinthu za pamsika."

"Ndikonza," anatero Namawaya.

Wotchi ya pakhoma inati hafu fili. Anatuluka panja ngati akukatenga kanthu, n'kuimbira amayi. Foni inali yozima. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anaima pafupi ndi thanki ija. Akakonza, pofika hafu sikisi kudzakhala kukuda, ndipo amayi adzakwera kumbuyo kwa munthu wosasiyanitsa chofiira ndi chakuda, pamsewu wa kudepoti wodzaza malole ndi maenje. Akapanda kukonza, akanama kuti chipangizo china chasowa, bambo akankha njinga mpaka kunyumba, akalumikiza okha, ndipo ulendo uno sipadzakhala munthu wa pulayasi pafupi. Bodza likanangosamutsa motowo kuupititsa kumene iye kulibe.

Anabwerera mkati n'kuyamba ntchito. Anazula mawaya onse owonjezera, n'kudula atsopano okhuthala. Anaika fuzi yeniyeni pafupi ndi batire. Anatenga kabokosi kakuda kotchedwa rileyi, kamene kamanyamula moto wambiri kuti swichi isamatenthe, n'kukamangira pansi pa mpando. Pabawuti paja anapala penti mpaka chitsulo chinawala. Mawaya anawalowetsa m'kapaipi ka labala, n'kuwadutsitsa kutali ndi petulo.

Bambo ankalamula ali pampando. "Upale penti pa ethipo."

"Ndapala."

"Usapote chabe, umate."

"Ndamata, Bambo."

"Nthawi ili bwanji?"

Wotchi inali moyang'anizana nawo, yaikulu ngati mbale. Namawaya anayankha kuti, "Kwatsala pang'ono faifi."

Atabwezera thanki ndi mpando, anakoka chitseko cha malata, m'galaja n'kuda. Pakhoma lakumbuyo panali mzere wa choko. Umenewo unali mwambo wa bambo pantchito: nyali sizituluka m'galaja zisanayesedwe pakhoma, ndipo kuwala kusadutse mzere, kuopa kuthobwa anzako pamsewu. Namawaya anaimika njinga moyang'ana khomalo, analiza injini, n'kudina maswichi onse.

Khoma linayera mbee. Kangaude aliyense, msomali uliwonse, zonse zinaonekera. Iye mwini anachita kutsinzina. Kuseri kwa malata wamatayala anakuwa kuti, "Kwacha kodi kumeneko?"

"Tayang'anani, Bambo. Kuwala kuli pamzere?"

Mdalayo anadzuka, anayenda mpaka pafupi ndi khoma, n'kupendeketsa mutu. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi. Dzanja lake linakwera ngati likufuna kupapasa mzerewo, koma analibweza msanga.

"Akuchepabe mphamvu," anatero. "Batire lafooka ndi moto uja."

Namawaya anatenga mita yoyezera magetsi, anagunditsa pa batire. "Mavoti fotini. Batire lili bwino, likutchajanso bwino."

"Ndiye rileyi yakoyo ikudya moto."

Anayeza pa nyali iliyonse, akutchula nambala mokweza. Palibe imene inaperewera. Anazimitsa injini, anatsegula chitseko, n'kutembenukira kwa bambo ake.

"Munkati mita sinama, amanama ndi mmisiri."

"Ukufuna kunena chiyani?"

Chibadwire Namawaya anali asanawatsutsepo bambo ake pamaso. "Sinali swichi, Bambo. Munamangira waya wofiira pa ethi. Munawasinthanitsa."

"Bodza!"

"Ndamusunga, uyu apa. Nyali zilibe vuto. Ndi maso anu. Achita ng'ala."

Nkhope ya mdalayo inauma gwa. "Iwe, ndinakuphunzitsa kugwira pulayasi ndine. Lero wasanduka dokotala?"

"Ng'ala amachotsa kuchipatala. Anthu amaonanso."

"Palibe munthu adzandilowetse mpeni m'diso. Ndafika kuno ndekha, sindinagunde ngakhale nkhuku."

"Amenewo anali masana. Pofika kudepoti kukhala kutada, ndipo kumbuyo kukhala amayi."

"Mkazi wanga ndakhala ndikumunyamula iwe usanamere mano!"

Anavala chisoti, zala zikulimbana ndi lamba. Anagwira chiwongolero, anachotsa njinga pa sitandi, n'kuyamba kuikankhira kukhomo. Namawaya anadziwa kuti mphamvu zowaletsa alibe, ndipo kulanda kiyi m'manja mwa bambo ake anthu akuona kukanakhala kuwavula pagulu. Wamatayala anali ataima kale pakhomo pake, telala nayenso makina ake anali atasiya kulira.

Maso ake anagwera pa tizidutswa ta waya pansi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku loyamba kupempha kuti agwire nawo ntchito, bambo anamutambasulira mawaya awiri n'kunena kuti, sankha wa moto, ukalephera bwerera kwa mayi ako. Wophunzira aliyense amene anadutsa m'manja mwawo anayamba ndi mayeso omwewo.

Anatola tiwiri, wofiira ndi wakuda, ofanana kukula. Anakaima kutsogolo kwa tayala, msana atalozetsa kwa anthu aja kuti asaone, n'kutambasula dzanja.

"Sankhani wa moto, Bambo," anatero motsitsa mawu. "Mukasankha, ndichoka panjira, sindidzanenanso kanthu."

"Ukundiyesa ine?"

"Ndi mayeso anu omwe."

Mdalayo anatsitsa sitandi, n'kutenga mawaya aja. Anawayandikizitsa kumaso. Anawatalikitsa. Anatembenukira kudzuwa limene linali litapendeka, n'kuwakweza m'mwamba, akuwagudubuza pakati pa zala ngati mtundu ungamveke pakhungu. Mwadzidzidzi Namawaya anazindikira kuopsa kwa chimene walonjeza: mawaya anali awiri okha, ndipo munthu wongolota akhoza kulasa. Bambo akangoloza mmodzi mwamwayi, iye achoka panjira, amayi n'kukwera.

Chala cha mdalayo chinaima pa wofiira. Chinakhala pamenepo.

Koma bambo sanamukweze. Anaphatikiza mawaya onse awiri n'kuwabwezera m'dzanja la mwana wawo.

"Ndikanangolota," anatero. "Mmisiri salota waya."

Anazula kiyi, n'kumuika pamwamba pa mawayawo. Anavula chisoti, nachonso anamupatsa. Popanda chisoti anaoneka wamng'ono, wokalamba kuposa mmene analowera, ndipo Namawaya anamva chisoni chimene sanakonzekere. Ankafuna kupambana, koma osati chonchi.

"Mayi ako sakonda liwiro. Giya yachiwiri imavuta, uziikankha kawiri."

"Chabwino, Bambo."

"Ukamuuze kuti mwendo ukundipweteka. Zinazi ndidzamuuza ndekha. Asadziwe kaye, angade nkhawa."

Anabwerera mkati n'kukakhalanso pampando uja. Wamatayala, amene kamwa lake silinkadziwa kutseka, ulendo uno anangolowa mwakachetechete n'kukakhala pambali pawo.

Basi inafika mochedwa pang'ono, kunja kutayamba kuda. Amayi anatsika ndi chikwama chimodzi ndi kathumba, maso akufunafuna. Anaona Zigamba ndi nyali zake, anamwetulira, kenako anaona amene anali pachiwongolero. Kumwetulira kuja kunazilala.

"Bambo ako ali kuti?"

"Ali kugalaja. Akuti mwendo ukuwapweteka."

Amayi anamuyang'ana kumaso, anayang'ananso nyali ziwiri zatsopano zija. "Mwendo," anatero. Sanafunsenso. Anamangirira chikwama kumbuyo, anavala chisoti chawo chimene chinkakhala chopachikidwa pambali, n'kukwera mwachizolowezi, manja onse awiri atagwira mwana wawo m'nthiti.

Anatuluka m'depoti n'kulowa mumsewu waukulu. Nyali zinkayaka bwino, msewu wonse uli poyera. Asanapite patali, Namawaya anamva chala chikumutsina m'nthiti yakumanzere. Anaganiza kuti amayi akungokhazikika. Patsogolo pang'ono, kudzanja lamanja, panali dzenje, ndipo analipewera kumanzere. Atayenda pang'ono anamva kutsina kumanja. Kumanzere kwa msewu kunali munthu akukankha wilibala. Pofika pamphambano, manja onse awiri anamufinya nthawi imodzi, lole isanatulukire n'komwe bwinobwino.

Namawaya anapatukira pambali n'kuimitsa njinga.

"Amayi, mukuchita chiyani?"

Amayi anachotsa manja msanga ngati agwira mphika wotentha. "Pepa, mwanawe. Chizolowezi."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, mvula isanayambe. Tinangotsala pang'ono kulowa pansi pa ngolo. Kuchokera tsiku limenelo ndimangowatsina. Kumanzere, kumanja, konsekonse ndiye kuti imani. Sitinakambiranepo. Iwo amakhota, ine ndimatsina, basi."

"Bwanji simunatiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Njingayi ndi miyendo yawo." Amayi anapitiriza kuti, "Milungu iwiri yonseyi sindinagone. Ndimangoti lero akuyenda okha, akuwatsina ndani?"

Namawaya anatsegula galasi la chisoti n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Mdala uja anali atakhala m'galaja kusunga chinsinsi kuti mkazi wake asade nkhawa, pomwe mkaziyo anakhala akumuyendetsa chaka chathunthu ndi zala ziwiri.

"Andiuza kuti ndisakuuzeni," anatero.

"Ndiye sunandiuze. Tiye, akudikira."

Analizanso injini. Giya yachiwiri inakana, anaikankha kawiri, inalowa. Amayi anabwezera manja m'nthiti mwake, ndipo pa dzenje lotsatira anamutsinanso.